Land Cruiser 80 yokalamba pabwalo panga: momwe ntchito ikuyendera

Epulo

Galimotoyo ndi Toyota Land Cruiser 80 ya 1995, ya injini ya dizilo ya 1HZ ndi magiya asanu apamanja. Ndi mtundu uja wopanda zokometsera umene mabungwe ankakonda kugula m'zaka zimenezo: mawindo opukusa ndi dzanja, pansi pake mphira osati kapeti, zitseko ziwiri zakumbuyo zotsegukira m'mbali, ndi mahabu a Aisin amene umayamba watsika n'kuwapotoza kuti matayala akutsogolo nawonso akoke. Ndaigula kwa bambo wina wa ku Limbe amene nayenso anaipeza pa okushoni ya bungwe lina. Mita ikuwerenga makilomita opitirira 400,000, ndipo palibe angalumbire kuti ndi okhawo.

Ndikuifunira ntchito imodzi. Kwathu ndi ku Neno, kumtunda cha ku Dambe, ndipo amene anakwerapo msewu wochoka ku Lisungwi kupita ku boma mvula itagwa akudziwa kuti kumeneko galimoto yotsika mimba imagona panjira. Ndikufuna yoti izikafika kumudzi mu Januwale itasenza feteleza, nthawi yokolola n'kumabwerako ndi mbatatesi, popanda kulipira anyamata okankha. Ntchito yonse ichitikira pabwalo la nyumba kuno ku Machinjiri, Loweruka ndi madzulo ndikaweruka, ndipo ithe mvula yoyamba isanagwe.

Anzanga atangoiona ayamba kale kundiwerengera zoti ndiikemo: bampala yachitsulo, winchi, magetsi a padenga, tebo yowonjezera mphamvu ya injini. Ndawauza kuti aleze mtima. Galimotoyi ndi yakale, ya zaka ngati 30, ndipo ndalama yoyamba ipita ku zinthu zimene munthu woima m'mbali mwa msewu sangazione.

Mwezi uno wathera pa kutsuka ndi kuyang'ana. Matope amene anatuluka m'kati mwa chasisi anadzaza wilibala, ena ofiira, ena akuda a kudambo. Itauma ndinalowa pansi ndi kahamala n'kumagogoda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira kuti ngwee, chodyedwa ndi dzimbiri chimangoti phu. Pati phu ndi pa chitsulo chopingasa chakumbuyo kwenikweni, pafupi ndi pokokera ngolo, komanso pansi popondera dalaivala. Chasisi yeniyeniyo ili bwino, ndipo ikanakhala yowola ntchito yonseyi ikanathera pomwepo.

Chachiwiri chinali kudziwa ngati injini ifunika kutsegula. Pali madala ena a ku Ndirande, anapuma ntchito ku PVHO, bungwe la boma la magalimoto ndi makina, amene avomera kumabwera kudzandiyang'anira pa ntchito zikuluzikulu, ndipo ndi amene anabweretsa geji yoyezera kompuresheni, mphamvu imene pisitoni imapanikizira nayo mpweya mu silinda. Tinachotsa mahita onse, timapulagi totenthetsa injini ya dizilo poiliza, n'kuyeza silinda iliyonse injini ikadali yotentha. Buku la Toyota limati 1HZ yabwino izipereka 37 kg/cm², isatsike kufika pansi pa 27, ndipo masilinda asasiyane ndi zoposa 5. Yanga yapereka pakati pa 31 ndi 34. Madalawo anapukuta manja n'kunena kuti, "Mwana wanga, iyi musaitsegule. Muziipatsa oyilo wabwino ndi madzi abwino, mudzatopa ndinu."

Matenda enawo ndi awa: chiwongolero chimanjenjemera koopsa ukagunda dzenje uli pa liwiro la 80, kuseri kwa matayala onse akutsogolo kukudontha zakuda, kagetsi ka T-BELT kochenjeza za lamba wa taimingi sikazima, sitata nthawi zina imangoti ke, mabuleki amakokera kumanzere, ndipo kumbuyo kunakhala pansi moti galimoto imaoneka yosenza pomwe mulibe kanthu. Ndagula masitandi anayi achitsulo. Njerwa zootcha zimaphwanyika osachenjeza, ndipo chinthu cholemera matani oposa awiri sindingagone pansi pake chitatsamira pa jeke yekha.

Meyi

Ndayambira pa lamba wa taimingi. Pa 1HZ pampu ya dizilo imayendetsedwa ndi magiya, ndipo kalamba kakafupi kamachoka pa pampupo kukazunguza kamushafuti. Kakaduka injini ikuyenda, mapisitoni amakumana ndi mavavu, ndipo ndalama yokonzera zimenezo imaposa mtengo wa lamba kakhumi kangapo. Toyota imati pa mtundu uwu azisinthidwa pa makilomita 100,000 alionse, koma amene ndinamupezamo anali atachita ming'alu m'mano, wopanda ngakhale dzina. Ntchitoyo ndi yosavuta: kulunjika zizindikiro za pa mapule onse awiri, kumasula tenshona, kuvala watsopano ndi tenshona yake yatsopano, kenaka kuzunguza injini ndi sipanala maulendo awiri kuti uone ngati zizindikiro zabwerera pamalo pake. Kagetsi kaja kamazima ukachotsa kamphira ka pa galasi la mita n'kukankha kabatani ka m'kati ndi kawaya.

Titatsegulanso chivundikiro cha pamwamba pa injini, tinayeza mipata ya mavavu injini ili yozizira. Olowetsa mpweya amafuna 0.15 mpaka 0.25 mm, otulutsa utsi 0.35 mpaka 0.45 mm. Injini iyi ilibe manati osinthira. Vavu iliyonse ili ndi kandalama kachitsulo, kashimu, kamene umachotsa n'kuikapo kokhuthala kapena kopyapyala. Otulutsa utsi angapo anali atathina, ndipo vavu yothina siikhala bwino pampando wake, mapeto ake imapsa. Mwamwayi kungosinthanitsa mashimu a vavu ina ndi ina kunakonza ambiri, otsalawo madala anakafukula m'chitini chawo chakale cha mkaka chimene amasungiramo tizinthu totere.

Nkhani yaikulu ya mwezi uno yakhala madzi. 1HZ imapirira nkhanza zambiri, koma kutentha ndiye mdani wake: hedi imachita ming'alu. Nditamasula paipi yapansi panatuluka madzi ofiira a dzimbiri, zoonetsa kuti kwa zaka zambiri amangothiramo a pampopi. Themositati, kavavu kotsegulira madzi njira ya ku ladiyeta injini ikatentha, munalibe. Chizolowezi chochotsa themositati chinazika mizu pakati pa amakaniko athu, amati kuno n'kotentha siifunika. Koma pa injini iyi themositati ikatseguka imatsekanso njira yachidule imene madzi amazungulira injini ikamazizira. Ukaichotsa, madzi ena otentha amangozungulira m'injini osafika ku ladiyeta. Ndabwezeramo yatsopano.

Ladiyeta ndi yamkuwa, choncho ndinaitengera kwa anyamata a ku Ndirande amene amasungunula thanki yapamwamba n'kulowetsa kachitsulo kopyapyala m'kapaipi kalikonse. Ndinaima pomwepo n'kumaonerera. Timapaipi tambiri ta pakati, pomwe fani imakokera mphepo, tinali totsekeka ndi dothi louma loyera, ndipo kachitsuloko kankachita kupindika. Atawotcherera anaimiza m'bafa la madzi n'kupopera mpweya kuti aone ngati pakutuluka thovu. Kalachi ya fani inali itatha oyilo wake wa silikoni. Ndaithira wina, ndipo tsopano m'mawa ikangolira fani imabangula kaye kenaka n'kuchepetsa, monga iyenera kuchitira. Mapaipi onse amphira, pampu ya madzi ndi chotsekera ladiyeta ndasintha, n'kuthiramo kulanti wosakaniza ndi madzi a batire.

Chinthu choyamba chimene ndawonjezera pa galimotoyi n'chaching'ono: geji ya kutentha ya manambala, imene sensa yake ndaimangirira pa bawuti ya pa hedi, yokhala ndi kabelu. Singano ya Toyota pa 80 imakhala chiimire pakati ngakhale injini ikutenthera, ndipo ikamadzasuntha zinthu zimakhala zitafika kale poipa.

Mafyuluta ndagula kwa dila weniweni ngakhale mtengo wake ukuwawa. Mabokosi ofiira olembedwa Toyota ali mbwee m'misika, koma ina ndinaidula ndi sowo kuti ndione m'kati: pepala lake linali lochepa, lomatidwa mwachisawawa.

Juni

Chiperoni chaulula zimene kutentha kwa Epulo kunkabisa. M'mawa injini imazungulira nthawi yaitali, ikalira n'kutulutsa utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa mpaka aneba kutseka mawindo. Nditayeza mahita ndi mita, awiri anali akufa. 1HZ imapopera dizilo m'kachipinda kakang'ono ka m'hedi, osati pa pisitoni penipeni, ndiye ikazizira imadalira kwambiri mahita. Ndasintha onse pamodzi, nditaonetsetsa kuti mavoti ake ndi ofanana ndi olembedwa pa akalewo, chifukwa mahita a injini imeneyi alipo a mitundu ingapo ndipo olakwika amapsa msanga.

Utsi unachepa koma kuvuta kulira kunatsalako. Mphwanga, mwana wa mchemwali wanga amene amandithandiza akaweruka kusukulu, ndi amene anaona chifukwa chake. Tinaika kapaipi koonekera m'kati pakati pa fyuluta ndi pampu, iye n'kuti, "Amalume, taonani thovu likudutsamu." Kapampu kopopa ndi dzanja ka pamwamba pa fyuluta kanali katang'ambika mphira, kamakoka mpweya usiku wonse dizilo n'kubwerera ku thanki. Mutu wa fyuluta watsopano wathetsa nkhaniyo. Manozo ndinawapereka kwa akatswiri a mapampu a dizilo kuti akayeze pa makina awo. Imeneyo si ntchito ya pabwalo.

Sitata ija yongoti ke sinafune kugula ina. M'kati mwa solenoidi ya Denso muli tizitsulo tiwiri tamkuwa timene timadyeka mpaka kusiya kugunda bwino. Tatsopano ndi totsika mtengo kuposa nkhuku, ndipo kusintha kwake n'kwa madzulo amodzi.

Julayi

Ekiselo yakutsogolo. Iyi ndi ntchito imene eni ake a 80 ambiri amaizengereza, ndipo ndamvetsa chifukwa chake: ndi yauve kuposa ina iliyonse pa galimotoyi.

Kuti zimveke, ekiseloyi ndi chitsulo chimodzi chochoka tayala ili kufika linalo, ndipo kumapeto kulikonse kuli mpira wachitsulo. Pampirapo pamazungulira nakulo, chibokosi chimene chimanyamula tayala n'kumakhota nalo, chitagwiridwa ndi mabelingi awiri, ina pamwamba ina pansi. M'kati mwa mpiramo muli CV yaikulu yotchedwa Birfield, mfundo yolola shafuti kuzunguza tayala likukhota, imene imakhala m'girisi. Chapakati pa ekiselo pali difu, imene imakhala mu oyilo. Cholekanitsa oyilo ndi girisi ndi kasilu kamodzi kakang'ono mbali iliyonse. Kakatha, oyilo wa difu amalowa mu nakulo, girisi amasungunuka, zonse n'kuyamba kutuluka kuseri kwa tayala. Girisi wina amalowera ku difu n'kukaipitsa oyilo wa kumeneko. Anthu ambiri amangosintha tinsalu ndi mphira za kunja zopukuta mpira, kudontha n'kuleka mwezi umodzi. Vuto limakhala kasilu ka m'katiko, ndipo kuti ukafikire uyenera kuphwasula zonse.

Ndinayamba ndi mbali ya kumanja. Tayala pansi, kalipa ya buleki ndaimangirira ndi waya ku sipuling'i kuti isalendewere pa paipi yake. Habu ya Aisin imagwiridwa ndi timawashala tosongoka timene timakanirira. Sumenya habuyo, umagogoda mutu wa sitadi ndi chitsulo chamkuwa mpaka kawashala katadumpha kokha. Kuseri kwake kuli manati awiri aakulu a 54 mm. Anga anali ndi zipsera za tchizulo mbali zonse, chizindikiro choti amene anagwirapo kale analibe soketi yake. Ndinagula soketiyo pamodzi ndi manati atsopano. Sipindulo itachoka, zimene zinatuluka zinali phala lakuda lamadzimadzi, lonunkha salufa, ndipo linadzaza beseni limene mayi a kunyumba anena kale kuti lisabwererenso kukhitchini.

Birfield imatuluka pokhapokha mbali zake ziwiri zophwatalala zikayang'ana kumwamba ndi pansi. Titaitsuka ndi palafini inapezeka ili bwino, mipira yake yosalala. Apa mahabu opotoza ndi dzanja anathandiza: pa tala ekiselo yakutsogolo imakhala itapuma, pomwe pa ma 80 amene amakoka matayala onse nthawi zonse Birfield imadyeka n'kumalira kuti ke-ke-ke pokhota. Koma kupumako kuli ndi vuto lake, chifukwa zitsulo zikakhala miyezi osazungulira oyilo safika pamwamba ndipo dzimbiri limayamba. Madala akuti mwezi uliwonse ndizipotoza mahabu n'kuyenda nawo makilomita angapo.

Mabelingi a nakulo ndi amene anali atatheratu. Sazungulira mozungulira ngati a tayala, amangogwedera uku ndi uku pamalo amodzi, ndiye timaroli take timakumba timaenje m'mbale yake. Ndikayendetsa chala m'mbalemo ndimamva mabampu. Ya pansi kumanja inali itachitanso dzimbiri, umboni woti munalowa madzi. Masitadi anayi ogwira mkono wa chiwongolero pansi pa nakulo ndinawapeza awiri ali omasuka moti ndinawazunguza ndi zala. Amenewa akaduka, tayala limapita kwake galimoto n'kupita kwake. Manati ake amafuna 96 Nm, ndipo tsopano ndiziwayang'ana ndikabwera kumudzi ulendo uliwonse.

Pobwezera, kasilu katsopano ndinakakhomera mosiyana pang'ono ndi pamene panali kakale, chifukwa pa shafuti panali patadyeka kamzere. Mabelingi atsopano amafuna kuthina koyenera, ndipo kumeneko kumasinthidwa ndi mashimu a pansi pa chivundikiro chapamwamba. Poyeza umakoka mkono wa nakulo ndi sikelo ya sipuling'i, iwerenge pakati pa 2.5 ndi 4.5 kg, usanaike zopukutira mpira. Sikelo yake ndinabwereka kwa mayi wina wogula nandolo pamsika. Anadabwa kumva kuti ikukayeza galimoto. Mu Birfield ndi mu nakulo ndaikamo girisi wakuda wa moly, osadzaza thoo koma kusiya malo pang'ono, ndipo mabelingi a tayala ali ndi girisi wawo wosiyana.

Mbali ya kumanzere, ya shafuti yaitali, inayenda msanga chifukwa manja anali atazolowera. Chovuta n'kulowetsa shafutiyo mu difu osakanda silu yatsopano. Mmodzi amanyamula Birfield, wina akuzunguza pang'onopang'ono flanji ya difu mpaka mano atalumana.

Chimene chinapha masiluwo ndinachipeza pamwamba pa ekiselo: kapaipi kopumira kanali katatsekeka ndi dothi. Difu ikatentha mpweya wa m'kati umafufuma, ukasowa potulukira umakankha oyilo kudutsa pa silu. Ikalowa mumtsinje ili yotentha imazizira mwadzidzidzi n'kuyamwa madzi. Ndalumikiza mapaipi aatali kuchoka pa madifu onse awiri, giyabokosi ndi transfer (bokosi logawira mphamvu ku ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo), kukwera mpaka m'chipinda cha injini pafupi ndi galasi, kumapeto n'kuikako kafyuluta ka petulo ka njinga yamoto. Pa zonse zimene ndawonjezera, ichi n'chotsika mtengo kwambiri, ndipo kwa munthu wowoloka mitsinje ya ku Neno yopanda milatho n'chofunika kuposa winchi.

Ogasiti

Theka la mweziwu lapita n'kudikira. Chichokereni pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa zipangizo za galimoto mtengo amakuuza wa tsiku lomwelo, mawa ukabwera ndi ndalama ayambiranso kuwerengera. Masipuling'i, mashokapu ndi mabushi ndinaitanitsa ku Johannesburg kudzera mwa msuweni wanga wa ku Joni, ndipo anabwera pa basi njira ya Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pa Mwanza, pamene msonkho wake unalipiridwa. Ngakhale ndi msonkhowo, mtengo wake sunafike pa umene ndinauzidwa m'tauni muno.

Ndaikweza ndi 50 mm basi. Mnzanga wina amalimbikira zoti ndifike 100 mm kuti izioneka yaukali, koma ukadutsa 50 mavuto amabwera motsatizana: mapaipi a buleki amafupika, pulopela shafuti imayamba kunjenjemera, ekiselo imakokeredwa mbali imodzi, ndipo galimoto yaitali yosenza matumba pamsewu wopendekeka wa m'phiri imafuna kugona chammbali. Kunena zoona, masipuling'i akale anali atafota kwambiri moti gawo lina la kukweraku n'kungobwerera pamene Toyota inaisiya. Akumbuyo ndasankha olimbirapo chifukwa cha katundu. Ikakhala yopanda kanthu imadumphadumpha pang'ono, ndavomera.

Ngakhale 50 mm yomweyo ili ndi zotsatira ziwiri zimene ambiri amaziiwala. Choyamba ndi kasita, kupendekeka kwa nakulo kumene kumathandiza matayala kubwerera polunjika. Ekiselo yakutsogolo imagwiridwa ndi mikono iwiri yaitali, ndipo bodi ikakwera mikonoyo imapendeketsa ekiselo, chiwongolero n'kuyamba kupepuka, galimoto kumayendayenda mumsewu osafuna kulunjika. Mankhwala ake ndi mabushi a bowo la pambali obwezera madigiri awiri. Amafuna pulesi ndi kuyeza bwino polowetsa, ndiye mikonoyo ndinainyamula pa kabaza kupita nayo kwa madala. Mabawuti onse a mabushi amamangitsidwa galimoto itatera pansi ndi kulemera kwake. Ukamanga ili m'mwamba, mphira imakhala yopotoka ndipo siichedwa kung'ambika.

Chachiwiri ndi mabuleki akumbuyo. Pa chasisi, pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, pali vavu yokhala ndi kandodo kofika pa ekiselo. Galimoto ikasenza n'kutsika, kandodoko kamatsegula vavu kuti mabuleki akumbuyo agwire mwamphamvu. Ikakhala yopanda katundu imachepetsa kuti matayala asaserereke. Ukaikweza osasuntha kandodoko, vavu imaona ngati galimoto ndi yopepuka nthawi zonse, ngakhale mutakhala matumba khumi. Ndinadula kachitsulo ka mabowo awiri n'kukweza pomangirira kandodoko ndi 50 mm yomweyo. Vavuyo ili ndi kanipo kake kotulutsira mpweya, ndipo kamaiwalika kawirikawiri popopa mabuleki.

Kukokera kumanzere kuja kunali pisitoni yogwira dzimbiri mu kalipa ya kumanja, kuphatikizapo mapadi onyowa ndi zotuluka mu nakulo zija. Kiti ya masilu, mapisitoni awiri, mapadi, mashuzi akumbuyo, mapaipi amphira ndi buleki fuluwidi watsopano. Wakaleyo anali wakuda bii.

Kunjenjemera kwa chiwongolero kwatha. Sindingaloze chinthu chimodzi, chifukwa mabelingi a nakulo, matayirodi endi ndi bushi ya panhard (ndodo yoletsa ekiselo kusunthira m'mbali) zonse zinali ndi mpata, ndipo mipata ing'onoing'ono imeneyi ikaphatikizana ndi imene imagwedeza galimoto. Amene anali nayo kale anangoikapo dampa yatsopano ya chiwongolero, imene imabisa matendawa kwa kanthawi.

Seputembala

Dzimbiri. Wowotcherera anabwera ndi makina ake, ndipo ntchito imayenda potengera nthawi imene magetsi alipo. Podyekapo tinadula mpaka kufika pa chitsulo choyera n'kuikapo chigamba chokhuthala mofanana. Za kumata ndi fila pamwamba pa dzimbiri ndinakana. Mawaya a batire ndi a olotoneta tinayamba tachotsa, komanso kuphimba thanki ndi chiguduli chonyowa. Pamapeto pulaima, penti wakuda, ndi oyilo wothira m'kati mwa chasisi kudzera m'mabowo ake.

Matayala andidya mutu kuposa momwe ndimaganizira. Inabwera ndi 7.50R16 pa marimu a ring'i okhala ndi machubu. Ubwino wake ndi woti aliyense wokonza matayala kumudzi angathe kuwamasula ndi zitsulo ziwiri. Kuipa kwake, ring'i yosakhala bwino imatha kufwamphuka popopa n'kuvulaza munthu, ndipo anga anali atadyeka m'mphepete. Ndagula marimu achitsulo wamba ndi matayala a 235/85R16, amene kutalika kwake n'kofanana ndi akale, choncho mita ndi mphamvu ya magiya sizinasinthe. Otakata amaoneka bwino m'tauni, koma pa dothi lofiira loterera la kwathu tayala lopyapyala limaboola matope n'kukagwira pouma. Ndinayang'anako a kaunjika. Tayala lililonse lili ndi manambala anayi m'mbali osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2317 ndi sabata ya 23 ya 2017, ndipo ambiri amene anali ndi mano abwino anali okalamba, mphira itauma. Ndinatseka maso n'kugula atsopano asanu.

Magetsi akutsogolo anali ofiirira chifukwa moto umadutsa m'mawaya akale ndi switchi usanafike ku mababu. Marile awiri ndi waya wokhuthala wochokera ku batire, wokhala ndi fyuzi, zawalitsa mababu omwewo moti za magetsi a padenga zaiwalika. Ndachotsanso mawaya a wailesi ya mauthenga amene bungwe lija linasiya ali lendelende kuseri kwa dashibodi, ena osakulunga n'komwe.

Okutobala

COF yatuluka, umwini wasinthidwa ku Road Traffic, inshuwalansi yalipiridwa. Mayeso enieni ndinakachitira pa phiri la Chikwawa masana dzuwa lili pamutu, m'galimoto muli matumba a mchenga. Kutsika mpaka pa Kamuzu Bridge kunayesa mabuleki, ndipo ndinatsika pa giya yachitatu ndi yachiwiri kuti injini izithandiza. Pansi nditagwira marimu, onse anayi anali ofunda mofanana. Pobwerera, kuchoka m'chigwa cha Shire kukwera mamita pafupifupi 900 kufika ku Blantyre, geji yatsopano inakwera mpaka madigiri a m'ma 90, fani inabangula, manambala n'kuyamba kutsika. Kabelu sikanalire. Singano ya Toyota sinasunthe ulendo wonse.

Changu ndiye palibe. Injini ya malita 4.2 imeneyi imatulutsa 96 kW yokha, ndipo pachitunda ma minibasi amandipitirira. Apa nkhani ya tebo inabweranso, ndipo yankho langa ndi lomwe lija. 1HZ ili ndi kompuresheni yoposa 22 kwa 1 ndi timazipinda ta m'hedi tija. Ukaipopera mpweya ndi dizilo wambiri kutentha kumakwera, mapisitoni n'kung'ambika. Toyota itafuna tebo pa 80 inapanga 1HD-T, yopopera dizilo pa pisitoni penipeni, ya mapisitoni ena. Kuika tebo pa injini imene yayenda makilomita 400,000 n'kufupikitsa moyo wake kuti ndizifika ku Neno mphindi makumi awiri msanga. Dizilo ikumwa lita imodzi pa makilomita 8 ikakhala pa tala, ndipo ndi thanki ya malita 95 ndimapita kumudzi n'kubwerako osaima pa mzere.

Ulendo woyamba wa kumudzi unali wouma, wa fumbi ndi miyala. Pa zitunda zoipa ndinapotoza mahabu n'kulowetsa L4, magiya otsika okoka matayala onse anayi, galimoto n'kumakwera yokha pa giya yachiwiri phazi lili pambali. Nditabwerako ndinalowanso pansi ndi sipanala: masitadi a nakulo ali chimangire, kuseri kwa matayala n'kouma, belingi ya tayala lakumanzere inafuna kuthinitsa pang'ono.

Ulendowu watulutsa ntchito zina. Fumbi likulowa pa zitseko zakumbuyo moti aliyense anatsika ali mbuu. Mphira zake zinauma ndipo mahinji ali ndi mpata. Fyuluta ya mpweya inadzaza pa ulendo umodzi womwewu, choncho snorkel, paipi ya mpweya yokwera mpaka kudenga, yalowa pa mndandanda, osati chifukwa cha madzi koma kuti injini izikoka mpweya wa pamwamba. Silu yakumbuyo ya transfer yayamba kuchita thukuta, handibuleki ikugwira pamapeto penipeni, ndipo kalachi ikulumira pamwamba, ngakhale sinayambe kuserereka. Silu ndi handibuleki ndichita Loweruka likubwerali. Kalachi ifuna kutsitsa giyabokosi pamodzi ndi transfer, zolemera zoti anthu awiri sangazinyamule pamanja, ndiye madala akuti tidikire mpaka apeze jeke wa giyabokosi wobwereka, ndipo pabwalo pafunika kaye denga la malata chifukwa mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Ndirande.